Kanjinga ka Telala Wamfupi

Pa kamsika kena m'mapiri a ku Ntcheu panali telala wina. Ankasokera pakhonde la sitolo, makina ake ali opalasa ndi mwendo, tepi yoyezera ili lende m'khosi kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Dzina lake ndilisunga, abale anga, chifukwa mwina ena muno munavalapo thalauza lotuluka m'manja mwake. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti anali wamfupi. Osati kufupika kwamasewera ayi. Mpando wake wosokera anachita kuudula miyendo kuti mapazi azifika bwino pa chopondera cha makina.

Telalayu anali ndi mkulu wake, a Filimoni, amene anakakwatira kuseri kwa phiri n'kukhazikika komweko pachikamwini. Bambo awo atamwalira, ndi a Filimoni amene anamulera, ndipo ndi iwo amene anamugwira dzanja kukamusiya kwa mmisiri kuti aphunzire kusoka. A Filimoniwo anali munthu waukhondo wodziwika dera lonselo. Ngakhale popita kumunda ankayamba aima kaye pagalasi. Ndevu zinalibe malo pachibwano pawo.

Ndiye kunabwera matenda a sitiroko. Dzanja lamanja linauma, mwendo unakana, pakamwa panakhota, mawu anayamba kutuluka molemera, limodzilimodzi. Zonsezo a Filimoni anapirira. Chimene chinawapweteka mtima n'kulephera kudzimeta okha. Akazi awo, a Nangozo, anayesapo kuwameta, koma lezala linawacheka patsaya. Kuyambira pamenepo anakana kuti wina aliyense awagwire chibwano. Anati wowameta ndi mphwawo yekha basi.

Motero Loweruka lililonse telala uja ankavundikira makina masana, n'kuika lezala, sizasi, sopo ndi kathaulo m'kachikwama, n'kuuyamba wapansi kukwera phiri. Loweruka linali lofunika chifukwa Lamulungu masana a mpingo ankabwera kudzapemphera ndi wodwalayo. A Filimoni akametedwa ankawalandira pakhonde atavala malaya oyera, nyimbo n'kumavomera ndi mutu. Akapanda kumetedwa ankauza akazi awo kuti akanene kuti agona.

Koma thupi ndi thupi. Zaka zambiri zopalasa makina zinali zitadya mawondo a telala uja. Kukwera phiri kunali kwabwinoko, kutsika n'kumene kunkamupha. Akabwerako mawondo ankatupa, Lolemba n'kulephera kuponda makina. Anyamata a njinga zamoto ankatchula mitengo yoti munthu agwire pakamwa, ndipo ambiri ankakaniratu njira imeneyo chifukwa cha kamtsinje ka miyala kamene kali kumtsetse. Anayesa kubwereka njinga yakuda, zija zonyamulira matumba a chimanga, koma phiri lonse anachita kuikankha, n'kukafika ali wefuwefu kuposa woyenda pansi. Anajomba Loweruka limodzi. Anajombanso lina. Posakhalitsa mwezi unatha asanapondeko.

Tsiku lina ali pa makina foni inalira. Anali a Nangozo.

"Alamu, achimwene anu atembenukira kukhoma. Akuti mphwanga wanditaya. Ndevu zangoti nyankhalala, a mpingo akungobwerera pakhomo."

Telala uja anaika nsalu pansi. Anachita manyazi, ndipo mtima unamupweteka. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Zoona. Koma munthu wogona pamphasa satonthozedwa ndi mwambi, amafuna kuona nkhope ya m'bale wake.

Tsono iye ankaona achinyamata akukwera chitunda cha pamsikapo pa njinga zamagiya, zamatayala okhuthala, zija amazitcha mawunteni, osatsika, osakankha. Anati mumtima, nane ndigule yoteroyo. Sanali katswiri wa njinga, anangopalasako ali mnyamata basi. Sankafuna kuchita kabaza, sankafuna mpikisano. Ankangofuna kukwera phiri limodzi, kamodzi pa sabata, n'kukafika kwa mkulu wake ali bwinobwino. Mwayi wake inali nyengo yotsegulira sukulu, ndipo mayunifolomu anali atamusiyira kangachepe. Kangachepe ndithu, kosalola munthu kulakwitsa n'kukagulanso ina.

Poti mutu umodzi susenza denga, anatenga mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, dzina lake Lufeyo, kuti akamuthandize kusankha. Lufeyo anali wamtali ngati nsungwi. Za njinga ankazidziwa zonse, yolimba ndi iti, yothamanga ndi iti, ya kudziko liti imakhalitsa, ngakhale kuti mwini wakeyo analibe ndi belu lomwe. Mudzi uliwonse uli ndi Lufeyo wake. Mwina mwakhala naye benchi imodzi m'mawa uno, musamuyang'ane.

Tsiku la msika anakwera minibasi kupita ku boma. Njinga zinali mizeremizere, zina zoimika, zina zopachika. Anazungulira, anafunsa mitengo, anagwira pakamwa, anazunguliranso. Pomaliza anapeza kuti thumba lake likufika pa njinga ziwiri zokha, zonse za wamalonda mmodzi, mtengo wake wofanana.

Yoyamba inali yofiira psuu, yatsopano, mapulasitiki ndi makatoni a kufakitale adakali okulunga m'zitsulo. Inali yaikulu. Inali ndi sipuling'i yonenepa pakati, ina kutsogolo, belu, galasi loonera kumbuyo, ndi zilembo zonyezimira m'mbali monse. Yachiwiri inali yakaunjika, yotuwa ngati phulusa, penti itasupukasupuka, chishalo chitang'ambika pakona. Inali yaing'ono. Pafupi ndi yofiira ija inkaoneka ngati yangobwera kudzaperekeza.

"Apa palibe zokambirana, alamu," anatero Lufeyo, dzanja lili kale pa yofiira. "Mtengo ndi umodzi, koma taonani kuchuluka kwa chitsulo. Munthu n'kusiya nkhuku kukatola mwanapiye?"

Wamalonda sananene zambiri, poti wamalonda sanyoza katundu wake. Anangoti, "Zonse ndi njinga, madala. Takwerani muyese."

Lufeyo anagwira chishalo kumbuyo, telala n'kukwawira pa yofiira ija ngati akukwera nkhokwe. Atakhala pamwamba, anthu a pamsika anayamba kusonkhana. Wina anaimba likhweru. Wina anakuwa, "Bwana afika!" Amayi ogulitsa tomato analuluta.

Abale anga, tisamuweruze msanga. Munthuyu moyo wake wonse ankalankhula ndi anzake atakweza khosi. Kusukulu ankaima kutsogolo kwa mzere. Pojambula chithunzi cha ukwati wake anachita kumuimika pa njerwa. Lero kwa nthawi yoyamba ankaona paliwombo pa anthu, ndipo mtima unakoma. Anadziona akudutsa pa kamsika ka kwawo, mapulasitiki akuuluzika ndi mphepo, eni masitolo atatuluka kudzaonera. Mapulasitikiwo sakanawachotsa ayi, monga timachitira tonsefe, kuti aliyense adziwe kuti chinthucho n'chatsopano. Pa nthawi imeneyo phiri analiiwala, ndevu za achimwene anaziiwala. Dzanja linayamba kulowera kuthumba.

Chinthu chimodzi chokha chinkamusowetsa mtendere. Zala za kuphazi zinkangokanda mapedulo, ndipo pansi panali patali.

"Alamu, koma ikundikulira," ananong'ona.

"Zinthu timagula zazikulu," anayankha Lufeyo. "Si inu nomwe mumasokera ana mayunifolomu ofika m'akakolo? Mudzakulira momwemo."

Zinali zoona. Makolo onse obwera pakhonde pake ankanena mawu omwewo: musoke yaikulu, adzakulira momwemo. Ndi mmene timagulira nsapato, ndi mmene timagulira majuzi. Mawuwo anamveka anzeru m'makutu mwake chifukwa anali atawazolowera.

Nthawi yomweyo kunadutsa mnzake wa Lufeyo, ndipo Lufeyo, munthu wosaphonya moni, anataya chishalo kuti agwirane chanza. Njinga inapendekera. Phazi la telala linafunafuna pansi, pansi osapezeka. Anagwa chammbali, n'kufikira dzanja lamanja pa mulu wa matayala akale. Njinga inamutsatira n'kumugwera pamwamba, ndipo apo m'pamene anadziwa kulemera kwake. Amene ankakuwa kuti bwana aja ndi omwe anayamba kuseka.

Anadzuka n'kusasa fumbi. Anthu sanawayang'ane, anayang'ana dzanja lake. Linkawawa pamfundo, koma zala zinkapindika bwinobwino. Analitembenuza uku ndi uku, ndipo mantha anamugwira. Dzanja limeneli ndi limene limagwira lezala pakhosi pa achimwene. Apa wagwera pa matayala, pamalo osalala, njinga itaima. Nanga kumtsetse kuja, pa miyala ya kamtsinje, ali yekhayekha? Dzanjali litathyoka, a Filimoni adzametedwa ndi yani?

Ambiri a ife tikasekedwa pagulu timagula chinthucho dala, kuti oseka aone. Lufeyo nayenso ankakankhira komweko.

"Musawamvere awa, alamu, aliyense amagwa poyamba. Lipirani tizipita. Masiku oyambirirawa ndizikuyendetserani ine kuti ifewe."

Anatero akuponya mwendo pachishalo. Ndipo taonani, njinga ija inamukwana Lufeyo ngati anachita kumuyeza. Mapazi onse pansi, manja pa mahandulo mosavutikira, nkhope ili mwee. Telala anayang'ana, n'kumvetsa. Kwathu kuno njinga ya mlamu ndi ya banja lonse. Lufeyo sanali munthu woipa, kungoti posankha ankayeza ndi miyendo yake.

Telala uja anaseka. "Yakukhalani bwino, alamu. Koma ine ndinasiya kukula kalekale."

Atatero anapisa m'thumba la jekete. Anthu ankaganiza kuti akutulutsa ndalama, koma anatulutsa tepi yake. Pamaso pa msika wonse anaima njo, n'kuyeza mwendo wake kuyambira pansi mpaka m'mphechepeche, monga amayezera munthu wofuna thalauza. Anatsina tepiyo ndi chala pamene muyeso unathera, n'kukaiika pa njinga yofiira, kuyambira pansi mpaka pa chitsulo chapakati chija chochokera kuchishalo kupita kumahandulo. Chitsulo chinapitirira chala. Anakaiika pa yotuwa. Chala chinapitirira chitsulo, n'kutsala danga loti chikhatho chilowe.

Anthu anaseka kuposa poyamba. Anali asanaonepo munthu akugula njinga ngati thalauza. Iye analibe nazo ntchito. Anaigwira yotuwa ija ndi dzanja limodzi, inanyamuka. Anaima nayo pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi. Anapempha wamalonda kuti amuonetse kasinthidwe ka magiya, n'kupita nayo pa kachitunda ka kuseri kwa msika. Anayamba modzandira, poti panali patapita zaka. Kenako tcheni inalowa pa giya yopepuka, ndipo anakwera osatsika, mawondo osadandaula. Potsika anafinya mabuleki, inaima. Anafunsa ngati zipangizo zake zimapezeka, wamalonda n'kumulozera benchi yapafupi pamene zinali mbwee.

"Ya mwana wa sukulu imeneyo, madala!" wina anakuwa.

"Ndi yanga," anayankha telala, n'kulipira.

Poti anali atanenerera mtengo, panatsala kogulira pampu ndi chubu chapadera. Lufeyo ananyanyala, njira yonse mu minibasi ankangoyang'ana pawindo.

Kunyumba mkazi wake anakazungulira kanjinga kaja, manja ali m'chiuno. "Inu bambo a Tamala, mayunifolomu onse aja n'kugula kameneka?" Pa kamsika nawo anthu ananena zawo. Wina anati wagulira mdzukulu, wina anati a ku boma amupusitsa. Mawuwo ankamulasa, sindinama. Nthawi zina ali pa makina yofiira ija inkamubwerera m'maso, n'kumadzifunsa ngati sanadzimane ulemu umene unali utabwera wokha. Koma akaweruka ankatenga kotuwa kakeko kupita nako kubwalo la mpira, n'kumazungulira, kuzolowera magiya ndi mabuleki. Ukaipa dziwa nyimbo. Kanjinga kaja nkhope kanalibe, koma nyimbo kankaidziwa.

Lachisanu Lufeyo anatulukira, mkwiyo utatha, kudzabwereka. Anati ali ndi ulendo wa kuchinkhoswe, abwera Lolemba. Mlamu sumumana, telala anamupatsa. Lufeyo anakwera, anapalasa kamodzi, bondo linagunda handulo. Anapalasanso, linagundanso. Asanafike ndi pamsewu pomwe anatembenuka, n'kudzakatsamiritsa pakhoma, akung'ung'udza kuti kanjinga kameneka n'kodzikonda. Telala anangoluma mlomo kuti asaseke. Ikanakhala yofiira ija, Loweruka likanamupeza wapansi.

M'mawa mwake anasoka pang'ono, masana n'kuvundikira makina. Anabereka kachikwama kumsana, anapinda miyendo ya thalauza, n'kunyamuka. Pa chitunda choyamba analowetsa giya yopepuka. Miyendo inkazungulira mofulumira, njinga ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo amayi a pamjigo anaseka kuti madala akupalasa mphepo. Anawapatsa moni ali pachishalo, n'kuwadutsa. Pamene phiri linaima kwambiri anatsika n'kukankha, osachita manyazi, poti kanali kopepuka. Atafika pamwamba anapuma, anagwira mawondo ake, anapeza ali chete. Anacheuka n'kuona kamsika kali pansi, malata akunyezimira padzuwa. Ananyada. Panalibe womuimbira likhweru, panalibe wolulutira, koma kunyada kwa pamenepo kunaposa kwa tsiku lija ku boma.

Kumtsetse n'kumene kunali ntchito. Chizimalupsa chinali chitagwa mkati mwa sabata, ndipo miyala ya pa kamtsinje inali yoterera. Anatsika pang'onopang'ono, zala zili pa mabuleki. Atangolowa m'madzi tayala lakutsogolo linaterereka, njinga n'kupendekera. Phazi linafuna pansi, ndipo pansi panali pomwepo. Anaima m'madzimo, nsapato zitanyowa, manja onse awiri ali bwinobwino pa mahandulo. Anangoti, "Zikomo Ambuye," n'kuwoloka.

A Nangozo anamuona akutulukira pa nthochi, anasiya lichero pansi n'kumuthamangira. "Alamu, mwachita bwino. Lowani mukadzionere nokha."

A Filimoni anali pamphasa, nkhope kukhoma. Ndevu zotuwa zinali zitadzaza masaya, ndipo anaoneka okalamba kuposa zaka zawo. Telala anagwada pambali pawo.

"Achimwene, ndabwera. Ndinalakwa."

A Filimoni sanatembenuke. Mothandizana ndi a Nangozo, telala anawanyamula n'kukawakhazika pampando pakhonde. Sanakane, koma maso anawalozetsa kumbali, osafuna kuonana ndi mphwawo. A Nangozo anabweretsa madzi ofunda m'beseni. Telala anawakoleka thaulo m'khosi, anayamba wadula ndevuzo ndi sizasi, kenako n'kupaka sopo. Ankagwira ntchito mwakachetechete, mtima uli wolemera, poti ankadziwa kuti mkwiyowo unali woyenera.

Tsono kumbali kumene maso a Filimoni anathawirako n'kumene kunali kanjinga kaja, katatsamira pa mtengo wa pichesi, matope ali m'matayala. Anakapenyetsetsa nthawi yaitali. Kenako mawu anatuluka, olemera.

"Ka... yani?"

"Kanga, achimwene."

Phewa la a Filimoni linayamba kugwedezeka. Telala anachotsa lezala msangamsanga poganiza kuti matenda ayambiranso. Koma kunali kuseka. Ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, thovu la sopo likugwera pathaulo, misozi ikutsika.

"Kofanana... ndi mwini wake."

A Nangozo anagwira pakamwa. Chiyambireni matendawo anali asanamvepo amuna awo akuseka.

"Sekani, achimwene," anatero telala. "Koma kandifikitsa. Ndagulira phiri lomweli, kuti Loweruka lisamandipitenso."

Kuseka kunatha. A Filimoni anatambasula dzanja lamanzere, lamoyo lija, n'kugwira mkono wa mphwawo, osautaya. Kenako anakweza okha chibwano kuti lezala lipitirize.

Atamaliza, telala anawapukuta n'kuwagwirira galasi. Anadziyang'ana tsaya ili, anadziyang'ana tsaya linalo, n'kuitana akazi awo.

"Malaya... oyera aja. Mawa... a mpingo... alowe."

Dzuwa litapendeka telala uja anadutsa pa kamsika ka kwawo ali pa kanjinga kake kotuwa, matope ali m'miyendo, msana uli chilili. Oseka anasekabe. Iye anawakwezera dzanja ngati phungu pa kampeni, n'kudutsa osafulumira. Ine ndikuti anali ndi chifukwa chonyadira, ndipo ndikanakhala pamenepo ndikanamuvulira chipewa. Loweruka lotsatira anapitanso, linalo anapitanso, kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa.

Tsono, abale ndi alongo, tanthauzo lake ndi ili. Mulungu amene anatiumba salakwitsa muyeso. Anayeza msinkhu wako, anayeza mphamvu zako, anayeza ndi phiri limene anakuika patsinde pake. Mphatso imene anakupatsa, ntchito imene uli nayo, kaudindo kamene ukugwira, ndi za muyeso wako. Mwina n'zotuwa. Mwina zinadzera m'manja mwa ena zisanafike kwa iwe. Koma ndi zimene zingakukweze phiri lako.

Vuto lathu n'lakuti timakonda zofiira. Wina akulimbirana ukulu wa mpingo, chonsecho kunyumba kwake akulephera kupemphera ndi ana ake omwe. Wina akukonza ukwati wa magalimoto ndandanda kuti a m'mudzi aone, banja n'kuyamba ndi njala. Wina wasiya kuyendera odwala, ntchito imene ankaitha bwino, chifukwa akufuna agwireko maikolofoni kutsogolo kuno. Takwera pamwamba, mapazi ali lende, tikudzinamiza kuti tidzakulira momwemo. Ndipo tili nawo otigwirira chishalo, otilangiza molingana ndi miyendo yawo. Satida ayi. Koma tsiku lina adzataya chishalocho kuti apereke moni, ndipo wogwa adzakhala iwe.

Mundimvetse bwino, kudzichepetsa si kudzinyoza. Telala uja sananene kuti ndine wachabechabe. Ananena zoona za msinkhu wake, pagulu, anthu akuseka, n'kusankha chomukwana. Zimenezo zimafuna mtima wolimba kuposa kugula yaikulu. Ndipo pali kunyada kumene Mulungu sadana nako. Si kuja kwa pamsika, kumene kumatha anthu akabalalika. Ndi kunyada kwa munthu amene wafika kumene anatumidwa, manja ali athunthu, ntchito n'kuigwira.

Choncho sabata ino, usanasankhe kanthu, kaya ndi ntchito, kaya ndi udindo, kaya ndi katundu wa m'sitolo, usafunse kuti anthu ati chiyani ndikamadutsa. Funsa kuti ndikupita kuti, nanga akundidikira ndani. Pakuti aliyense wa ife ali ndi wake kuseri kwa phiri: mayi wokalamba, m'bale wodwala, mnansi wamasiye, mwana amene anasiya kuyembekezera kuti tibwera. Iyeyo alibe nazo ntchito kuti ubwera pa chiyani. Chimene akudikira n'kumva mawu ako pakhomo akuti, odi.